Lamulo likuyeza kuleza mtima kwa bwana, osati mavuto a wodwala

Abale ndi alongo amene mukugwira ntchito kuno ku Britain, makamaka m'nyumba zosamalira okalamba, ambiri timaganiza kuti munthu sangachotsedwe ntchito ali ndi kalata ya dokotala m'manja. Si choncho ayi. Ndime 98 ya lamulo la Employment Rights Act la 1996 imalola bwana kuchotsa munthu amene matenda akumulepheretsa kugwira ntchito.

N'zoona kuti makhoti anaikapo malire. Pa mlandu wa East Lindsey District Council ndi Daubney mu 1977, anagamula kuti bwana akambirane kaye ndi wodwalayo ndi kumva kwa madokotala asanamuchotse. Koma funso lalikulu ndi lija la pa mlandu wa Spencer ndi Paragon Wallpapers mu 1976: kodi bwana angadikire mpaka liti? Funsoli likuyeza kuleza mtima kwa kampani. Za lendi ya wodwalayo ndi fizi ya ana ake kumudzi, silizitchula.

Kwa ife obwera, nkhaniyi ndi yolemera koposa. Amene ali pa viza ya Health and Care Worker akachotsedwa, bwana amadziwitsa Home Office, ndipo kawirikawiri munthuyo amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze bwana wina womuyimira, apo ayi alongedze. Mzungu akachotsedwa amataya malipiro, pomwe Mmalawi amataya malipiro ndipo akhoza kutayanso chilolezo chokhalira m'dziko muno. N'chifukwa chake mayi amene msana unathyoka ndi kunyamula okalamba amadzuka ndi panado kupita ku shifiti ya usiku.

Kuyambira mu Epulo 2012, munthu anafunika kugwira zaka 2 pa malo amodzi asanadandaule kukhoti kuti amuchotsa mopanda chilungamo. Lamulo la 2025 latsitsa nthawiyi kufika pa miyezi 6, kuyambira mu Januwale 2027. Ndi zabwino ndithu, komatu matenda sadikira kuti munthu akwanitse miyezi 6.

Chitetezo champhamvu chili mu Equality Act ya 2010, imene sifunsa kuti mwagwira nthawi yaitali bwanji. HIV ndi khansa zimawerengedwa ngati chilema kuyambira tsiku limene dokotala wazipeza, ndipo bwana ayenera kusintha zimene zingatheke, monga maola kapena mtundu wa ntchito. Koma bwana sangamangidwe pa matenda amene sakanatha kuwadziwa, ndipo ambiri a ife manyazi amatitseka pakamwa.

Tsono sungani kalata iliyonse ya dokotala, lowani bungwe la apantchito, ndipo kalata yochotsedwa ikafika, imbirani Acas msanga chifukwa nthawi yodandaulira ndi yaifupi. Ife ngati bungwe tiuzenso aphungu a m'madera athu kuti wochotsedwa chifukwa cha matenda asamawerengeredwe masiku 60 ali chigonere. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.