Ufa Umene Umabwerera Kukhala Mwala

Akatswiri a kemisitiri akati "salufeti" amatanthauza mchere uliwonse umene uli ndi kagulu ka atomu imodzi ya sulufule yogwirana ndi maatomu anayi a okosijeni. Kaguluka sikayenda kokha. Kakagwirana ndi amoniya timapeza feteleza wa m'munda, kakagwirana ndi ayironi timapeza mapilisi owonjezera magazi amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo. Kakakumana ndi kashiamu pamatuluka gypsum, mwala wofewa woti chikhadabo chimaukanda. Mwala umenewu ndi umene umasanduka chikhakha pa mkono wothyoka.

Nkhani yonse yagona pa madzi. Mwalawu umaoneka wouma gwa, koma gawo limodzi mwa magawo asanu a kulemera kwake ndi madzi obisika. Akaupera n'kuutenthetsa pa madigiri pafupifupi 150, ochuluka mwa madziwo amauluka n'kutsala ufa woyera waludzu, wotchedwa plaster of Paris chifukwa cha migodi ya ku Montmartre mumzinda wa Paris. Nzeru youpakiratu m'bandeji anaifalitsa mu 1852 ndi dokotala wa asilikali wa ku Netherlands, Antonius Mathijsen.

Taonani tsono manja a woika chikhakha. Fupa akalibwezera m'malo, amayamba wakulunga thonje, n'kuchulutsa pamene fupa latundumuka monga pachigongono. Kenako amamiza bandeji m'beseni n'kudikira kuti thovu lileke kutuluka, chizindikiro choti madzi afika mpaka mkati. Saifinya ngati chovala chochapa, chifukwa ufa wonse ungathere m'beseni. Amangoipanikiza pang'ono kunsonga zonse ziwiri. Pokulunga saikoka, amaigubuduza pathupi, mzere uliwonse n'kuphimba theka la unzake.

Ine chimene chimandigometsa ndi kusalaza. Amasisita ndi zikhatho zonyowa, zala zitaongoka, kuti mizere ija imatane n'kukhala chinthu chimodzi. Nsonga za zala sazilola kukhudza, pakuti kadzenje ka kunja ndi chotupa mkati, ndipo chotupacho chimadya khungu mpaka chilonda. Nthawi yochitira zonsezi ndi mphindi zochepa chabe.

M'mphindi zimenezo ufa uja umamwa madzi amene unalandidwa ndi moto. Umasungunuka pang'onopang'ono n'kumera timiyala tosongoka tosaoneka ndi maso, timene timalukanalukana mpaka phala lija litalimba. Apa ndi pamene wodwala amadabwa kuti mkono wayamba kufunda. Kutenthako kumachokera mu ufa momwemo pamene ukubwerera kukhala gypsum. Waluso amadziwa kuti madzi otentha amafulumizitsa kulimba komanso amawonjezera kutenthako mpaka kuwotcha khungu, choncho sathira madzi asanawayese ndi dzanja.

Chikalimba si kuti chauma ayi. Madzi otsala amatuluka kwa masiku awiri kapena atatu, n'chifukwa chake wodwala amauzidwa kuti asachiphimbe ndi bulangete, asachitsamize pachinthu cholimba, ndipo zala zikatupa, zikazizira kapena zikachita dzanzi abwerere kuchipatala msanga.