Manja osamala misewu ya mu Blantyre

Minibasi ikatsetsereka bwinobwino kuchokera ku Ndirande kulowa m'tauni, timayamika dalaivala. Sitikumbukira anthu a khonsolo ya mzinda amene amaweramira m'ngalande Okutobala akamawotcha, kuvuula mchenga, mabotolo ndi mapepala a pulasitiki, fungo la madzi oola likuwalowa m'mphuno.

Iwowa amadziwa kuti mdani wa phula ndi madzi. Blantyre ndi mzinda wa mapiri, ndipo mvula ikagwa, madzi amatsika mwaliwiro kuthamangira ku mtsinje wa Mudi. Ngalande ikatsekeka, madziwo amakwera pamsewu, n'kulowa m'ming'alu, n'kufewetsa dothi lapansi. Dzenje limayambira pomwepo.

Kutseka dzenjelo nako n'luso. Amasema m'mbali mwake kuti mukhale mowongoka, amasesa fumbi lonse, n'kupaka phula lamadzimadzi kuti chigamba chigwire. Kenako amathira miyala yosakaniza ndi phula, n'kusalaza mopitirira pang'ono, podziwa kuti akatsendera chitsika n'kulingana ndi msewu. Wodziwa ntchito amaona ndi maso okha kuti apa pakwana. Onsewo akugwira chonchi, magalimoto akuwadutsa pafupi, malipenga ali pipii.

Popanda anthu amenewa, ulendo wa ku Limbe ungatalike. Mayi wa ku Bangwe angafike pamsika tomato ataphwanyika, ambulansi yothamangira ku chipatala cha Queens ingamazembe maenje wodwala akubuula, ndipo ndalama ya mwini minibasi ingathere kwa makaniko, mtengo wokwerera n'kukwera.

Mukawaona pamsewu, chepetsani liwiro, muwapatse moni. Ntchito yawo ndi imene imatifikitsa kwathu amoyo.