Kodi Mwamunayo Wasinthadi?

Atsikana athu ambiri adakula ndi timabuku ta Mills & Boon, kampani imene idayamba ku London mu 1908. Kawirikawiri nthanozi zimayenda njira imodzi: namwali wosauka, mwamuna wachuma koma waukali, mikangano, kenaka ukwati pa tsamba lomaliza. Chodandaulitsa n'chakuti mtima wa mwamunayo umafewa mwadzidzidzi, ndipo wowerenga wachichepere amaphunzira kuti nkhanza zimatha zokha.

M'buku la Nicholas Sparks la 1996, The Notebook, Noah atakalamba amawerengera mkazi wake Allie mbiri ya chikondi chawo, matenda atamuiwalitsa zonse. Apatu khalidwe la munthu likuoneka m'ntchito zake.

Makolo, werengani pamodzi ndi ana anu, muwafunse: kodi mwamunayo wasinthadi, kapena masamba angotha?