Safunsa Anadya Phula: Mkangano wa Njanji mu Mzinda wa Edinburgh

Edinburgh ndi likulu la dziko la Scotland, mzinda wa anthu opitirira theka la miliyoni. M'misewu yake ina mumayenda sitima zazing'ono zamagetsi zimene eni dziko amazitcha tram. Njanji zake zimayalidwa mumsewu momwemo, pamodzi ndi mabasi, magalimoto ndi njinga. Kwa zaka zoposa 20 tsopano, sitima zimenezi zakhala zikugawa anthu a mumzindawo, ndipo mkangano wake uli ndi phunziro kwa aliyense amene anakhalapo pa msonkhano wokambirana za chitukuko. Funso lake nali: olamula akamati afunsa maganizo a anthu, amakhala atafunsa yani, ndipo amakhala atamuuza zotani asanamufunse?

Tiyambe ndi mbiri yake. Edinburgh anali ndi tram kale, koma anazichotsa mu 1956 poganiza kuti mabasi ndi magalimoto ndiwo tsogolo. Patapita zaka pafupifupi 50, misewu inadzaza, ndipo khonsolo ya mzindawo inaganiza zobwezeretsa njanji. Mu 2005 khonsolo inafunsa anthu ngati angalole kuti oyendetsa magalimoto azilipira polowa pakati pa mzinda, kuti ndalamazo zithandize ntchito za mtengatenga. Anthu atatu mwa anayi alionse amene anavota anakana. Ankafuna misewu yopanda chipwirikiti, koma sankafuna kupereka kanthu. Apa mlandu uli ndi anthu, pakuti akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Koma mlandu waukulu unabwera pambuyo pake, ndipo uli ndi olamula. Njanji inayenera kuchokera ku bwalo la ndege mpaka ku Newhaven, m'mbali mwa nyanja, kudutsa dera la Leith. Ndalama zimene anaika pambali zinali £545 miliyoni, ndipo £500 miliyoni mwa izo zinachokera ku boma la Scotland. Mu 2008 anasaina mgwirizano ndi makampani omanga, koma mapulani anali asanathe kujambulidwa. Mwiniwake wa nyumba akagwirizana ndi mmisiri asanadziwe kuti zipinda zidzakhala zingati, kusintha kulikonse kumabwera ndi mtengo wake. Zinaterodi. Mikangano inabuka pakati pa omanga ndi kampani ya khonsolo yoyang'anira ntchitoyo, ntchito inaima kwa miyezi, ndalama zinapitirira kutha.

Mu 2011 makhansala anavota kuti njanji ithere pa Haymarket, isanafike n'komwe pakati pa mzinda. Boma la Scotland litaopseza kuti silipereka ndalama zotsala, iwo anabweza ganizolo patangopita masiku ochepa. Sitima zinayamba kunyamula anthu pa 31 May 2014, mochedwa ndi zaka zitatu, pa mtunda wa makilomita 14 okha, ndipo mtengo umene analengeza unali £776 miliyoni. Njanji inathera pa York Place. Anthu a ku Leith, amene msewu wawo waukulu wa Leith Walk unakumbidwa kwa nthawi yaitali posuntha mipope ndi nthambo za pansi, anatsala opanda sitima. Eni sitolo anataya makasitomala, ena anatseka malonda awo. Analandira matope, mvula osaiona.

Boma linapempha woweruza wopuma pa ntchito, Lord Hardie, kuti afufuze chimene chinalakwika. Kafukufukuyo anayamba mu 2014, lipoti lake linatuluka mu September 2023, ndipo iye yekha anadya ndalama zoposa £13 miliyoni. Lipotilo linadzudzula kampani yoyang'anira ntchito, khonsolo ndiponso nduna za boma la Scotland zimene mu 2007 zinachotsa akatswiri awo pa ntchitoyo. Linanenanso kuti makhansala ankapatsidwa malipoti osocheretsa. Mfundo imeneyi ndi yolemera kuposa zinazo. Ngati oimira anthu anauzidwa kuti mtengo sudzasintha kwenikweni pamene unali wotseguka, ndiye kuti chivomerezo chawo chinali chopanda maziko, ndipo chivomerezo cha anthu amene ankawaimira chinali chimodzimodzi. Munthu amene wavomera chinthu atabisiridwa mtengo wake sanavomere konse.

Mu March 2019 makhansala anavomereza kuti njanji ifike ku Newhaven. Ambiri mumzinda anatsutsa, ndipo kutsutsa kwawo kunali komveka, chifukwa bala linali lisanapole. Koma ulendo uno ntchito inayendetsedwa mwanjira ina. Mapulani anaunikidwa pamodzi ndi omanga asanayambe kukumba. Kusuntha mipope ndi kuyala njanji kunachitikira pamodzi kuti msewu usakumbidwe kawiri. Anapatula thumba la ndalama lothandizira eni malonda. Pa Constitution Street, pafupi ndi tchalitchi chakale cha South Leith, akatswiri ofukula zakale anapatsidwa nthawi yochotsa mwaulemu mafupa a anthu mazana amene anaikidwa pamenepo zaka zambiri zapitazo. Mtunda wa makilomita 4.7 ndi malo okwererapo 8 unatsegulidwa pa 7 June 2023, pa mtengo wa £207 miliyoni umene anagwirizana poyamba. Mu 2024 maulendo a okwera anapitirira 12 miliyoni.

Chiwerengero chimenechi ena amachigwiritsa ntchito molakwika. Amati: onani, anthu ankakana, lero akukwera, choncho maganizo a anthu ndi mphepo chabe, olamula azingochita zimene akudziwa. Ganizo lotere ndi loopsa. Anthu kukwera sitima sikufafaniza ngongole imene mzinda ukubwezabe, ndiponso sikutsegula sitolo zimene zinatsekedwa ku Leith. Komanso gawo lachiwiri linayenda bwino chifukwa chakuti madandaulo a gawo loyamba anamveka. Kukwiya kwa anthu ndiko kunaphunzitsa khonsolo kukumba kamodzi. Ngakhale okwera njinga, amene matayala awo ankakodwa mu njanji, anayenera kufuula nthawi yaitali, ndipo mu 2017 wophunzira wina anafa pa Princes Street njinga yake itakodwa chomwecho. Mawu a anthu wamba nthawi zambiri amaona ngozi imene ili kunja kwa pepala la katswiri.

Tsopano mzinda uli pa mphambano ina. Khonsolo ikufuna njanji yatsopano yochokera ku Granton, kumpoto, kudutsa pakati pa mzinda mpaka ku chipatala chachikulu cha Royal Infirmary, kum'mwera. Mtengo wake akuuyerekeza kuti ndi £2 biliyoni kapena kuposa. Mkangano wakula pa gawo la kumpoto. Njira imodzi ndi ya Roseburn, mmene munkadutsa njanji ya sitima kale, koma tsopano ndi kanjira ka mitengo ka oyenda pansi ndi apanjinga. Njira ina ndi ya mumsewu wa Orchard Brae, kudutsa pa mlatho wakale wa Dean Bridge. Mu 2024 akuluakulu a khonsolo anasonyeza kukonda njira ya Roseburn, anthu ambiri anatsutsa, ndipo mu 2025 khonsolo inafunsa maganizo a anthu pa njira zonse ziwiri kwa masabata 12.

Kuika njira zonse ziwiri poyera kunali koyenera, ndipo oteteza kanjira ka Roseburn ali ndi mfundo yoona. Mtengo waukulu sumera m'chaka chimodzi, ndipo malo abata pakati pa mzinda akatha sabwereranso. Komabe pali zinthu ziwiri zofunika kudzudzula.

Choyamba, khonsolo inafunsa anthu za njira pamene ndalama zomangira zinali zisanapezeke. Kufunsa banja mtundu wa malata pamene njerwa palibe n'kutopetsa anthu pachabe, ndipo anthu otopa safulumira kubweranso ku msonkhano wina. Mzinda umene unapsa kale pa nkhani ya ndalama unayenera kuyamba ndi funso la ndalama: zidzachokera kuti, adzabweza ndani, ndipo n'chiyani chidzasiyidwa kuti zimenezi zitheke.

Chachiwiri, kufunsa kotere kumamva amene ali ndi nthawi, maphunziro ndi luso lolemba makalata. Madera ena oyandikana ndi Granton, monga Pilton ndi Muirhouse, ali m'gulu la madera osauka a mumzindawo, ndipo mabanja ambiri kumeneko alibe galimoto. Mayi amene amakolopa m'chipatala usiku ndiye angapindule kwambiri ndi sitima yachangu, koma iye ndi amene sangapeze mpata wodzaza mafomu pa intaneti. Mabanja amene adzakhale m'nyumba zikwi zimene akufuna kumanga ku Granton sanafike n'komwe, choncho alibe mawu. Kuwerenga makalata amene afika ndi kulengeza kuti anthu anena, n'kusandutsa phokoso la ochepa kukhala chifuniro cha onse. Khonsolo yofunadi kumva iyenera kupita kumene anthu osalankhulawo ali, pa malo okwerera basi, pa zipata za masukulu, m'maholo a m'madera, ndi kuwafunsa m'mawu amene iwo amamva.

Kufunsa kwenikweni kuli ndi magawo atatu. Olamula anene zoona zonse poyamba, ngakhale zowawa, makamaka za mtengo ndi za nthawi imene misewu idzakhale yokumbidwa. Kenaka afunefune mawu a onse amene nkhaniyo ikuwakhudza, osangodikira amene abwera okha. Pomaliza, akagamula, abwerere kwa anthu ndi kufotokoza chifukwa chimene atengera ganizo ili ndi kusiya linalo. Sikuti aliyense adzakondwa, pakuti njanji siingadutse njira ziwiri nthawi imodzi. Koma munthu amene wagonja atamvedwa ndi kuyankhidwa amapirira mosiyana ndi amene wangodzidzimuka akuona makina akukumba pakhomo pake.

Nawonso anthu ali ndi udindo wawo. Kukana chilichonse chodutsa pafupi ndi nyumba yako, uku ukudandaula za utsi ndi kuthithikana kwa magalimoto, si nzeru. Wopereka maganizo ayenera kudzifunsa ngati akuganizira khomo lake lokha kapena mzinda wonse, kuphatikizapo ana amene adzaukhale iye atapita. Edinburgh analipira mamiliyoni mazana ambiri kuti aphunzire kuti safunsa anadya phula. Chimene chatsala n'kuona ngati pa njanji ya ku Granton adzafunse onse, atawauza zoona zonse.