Nkhondo ya Chiwaya: buku la Melvin Page ndi mayina amene tikuwasowa

Mwezi wathawu, pa nkhumano yathu ya Lamulungu ku Al Quoz, mnzathu wina wokonda za ndege anatibweretsera mbiri ya Otto Smik, woyendetsa ndege zankhondo wa ku Slovakia. Munthuyu anabadwira ku Borjomi m'dziko la Georgia mu 1922, kumene bambo ake anatchona atagwidwa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mu 1940 anathawa ku Slovakia n'kukalowa gulu la asilikali a m'ndege ku Britain. Pa 28 Novembala 1944 ndege yake inawomberedwa pafupi ndi Zwolle ku Netherlands, iye n'kumwalira ali ndi zaka 22 zokha. Lero mafupa ake ali ku Bratislava, ndipo bwalo la ndege zankhondo la ku Sliač limatchedwa dzina lake. Kobadwira kukudziwika, magulu amene anatumikira akudziwika, tsiku lomwalira likudziwikanso.

Atamaliza, achemwali athu ena anafunsa kuti, "Nanga athu bwanji? Kwathu amati agogo a agogo anga anapita kunkhondo ya Jeremani osabwerako. Ndani analemba zawo?" Tonse tinangoti chete. Funso limeneli ndi lomwe linatipangitsa kufunafuna buku la Melvin E. Page lotchedwa The Chiwaya War, lomwe linatuluka koyamba mu 2000 ndipo a Mzuni Press analisindikizanso ku Malawi mu 2021. Ena mwa ife titamva mutuwo tinaseka, tikuganiza za chiwaya chokazingira tchipisi pamsika. Kwa akuluakulu a nthawi imeneyo, chiwaya inali mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza.

Page ndi wa ku America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 ankaphunzitsa mbiri ku Chancellor College, ndipo mothandizidwa ndi ophunzira ake anayenda m'midzi kucheza ndi nkhalamba zomwe zinaiona nkhondo ya 1914 mpaka 1918 ndi maso awo. Ubwino waukulu wa bukuli wagona pamenepa. Zomwe tinamvako kusukulu zilimo ndithu: sitima ya Guendolen kuwombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhaven, komwe lero ndi Liuli, pa 13 Ogasiti 1914, nkhondo ya pa Karonga pa 9 Sepitembala chaka chomwecho, kalata imene John Chilembwe analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu Novembala, yodandaula kuti amphawi akufera nkhondo ya eni chuma n'kusiya amasiye, ndiponso kuukira kwake kwa pa 23 Januwale 1915. Koma Page sakhalitsa pa akazembe ankhondo. Maso ake ali pa munthu wosenza katundu.

Taonani ziwerengero zake. Amuna a ku Nyasaland omwe analowa usilikali wa King's African Rifles anali pafupifupi 19,000. Amtengatenga anali pafupifupi 200,000, m'dziko lomwe anthu ake onse anali ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Chinachititsa n'chakuti kumene asilikali a Northey ankathamangitsana ndi a von Lettow-Vorbeck, kumwera kwa Tanganyika ndi kumpoto kwa Mozambique, misewu ya galimoto inali yosowa ndipo ziweto zinkafa ndi matenda a kashembe. Ufa, mpunga, zipolopolo, mahema, zonse zinkayenda pamutu pa munthu. Ndiye wamtengatengayo nayenso amadya. Ulendo ukatalika, amamaliza yekha chakudya chimene wasenza, choncho pamafunika anthu ena osenzera chakudya osenza katunduwo. Ife a m'mawelehausi ku Jebel Ali masamu amenewa sitichita kufotokozeredwa kawiri.

Bukuli likuonetsanso bwino mmene anthuwa ankapezekera. Asilikali ambiri anakopeka ndi malipiro, yunifolomu ndi bandi yoimba malipenga. Amtengatenga ambiri anachita kugwidwa: apolisi a boma ndi amesenjala kufika m'mudzi usiku, mafumu kuopsezedwa akalephera kupereka anthu, amayi kusungidwa mpaka mwamuna atatuluka kumene wabisala. N'chifukwa chake ena ankaitcha nkhondo ya thangata. Page akufotokozanso kuti kwa Achewa ena, dambwe ndi gule wamkulu zinasanduka pothawira olemba anthu ntchitoyi. Nkhondo itatha mu Novembala 1918, opulumuka anabwerera kumudzi n'kukumana ndi njala ndi mliri wa chimfine. Ena anabwerako ndi kaguba ndi kavalidwe kachisilikali, zomwe mpaka lero timaziona m'magule a malipenga ndi mganda. Zonsezi Page wazilemba mosakometsera, ndipo pamenepa tikumuvulira chipewa.

Komabe titatseka bukuli, funso la achemwali athu lija linali lisanayankhidwe. Page anasanja nkhani yake m'mitu: kulemba anthu usilikali, moyo wa kunkhondo, mavuto a otsala kumudzi, kubwerera. Nkhalamba iliyonse imangotulukira ndi ziganizo ziwiri zitatu zochitira umboni mfundo ya wolemba, kenako yazimiririka, kwabwera ina. Timamva kuti uje anadwala kamwazi m'njira, koma sitimutsatira kuti tione ngati anakapeza mkazi wake akumudikira, ngati anakhoma msonkho ndi ndalama za kunkhondozo, kaya anadzapita ku Halale kapena ku Joni. Smik tinamudziwa madzulo amodzi okha chifukwa mbiri yake ili ndi mutu, thunthu ndi miyendo. Agogo athu tawawerenga masamba ambirimbiri, koma tatsala nawo zidutswa.

Chachiwiri ndi chilankhulo. Nkhalambazi zinalankhula Chichewa, Chiyao, Chitumbuka, Chitonga ndi zina, koma m'bukuli zonse zikulankhula Chingerezi. Mwambi, nthabwala, kubuula kwa munthu pokumbukira mnzake amene anamusiya m'mbali mwa njira, zambiri zotere zimatayika pomasulira. Tinene chilungamo: mu 2021 Page anatulutsanso mabuku awiri otchedwa Chiwaya War Voices, momwe muli zokambirana zija zathunthu. Chimenechi ndi chinthu chamtengo wapatali, ndipo chikuchepetsako dandaulo lathu loyamba lija. Koma nawonso ali m'Chingerezi. Mdzukulu wa wamtengatenga amene analekezera sukulu sitandade 6 sangamve mawu a agogo ake omwe.

Chachitatu tisamuimbe nacho mlandu Page, koma tizichikumbukira powerenga. Ofunsidwawo ankakumbukira zinthu zomwe zinachitika zaka zoposa 50 m'mbuyo, ndipo ankalankhula m'nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayamba wayang'ana uku ndi uku asanayankhe mlendo wonyamula kope. Ambiri mwa iwo anali amuna, motero amayi omwe analima okha minda zaka zinayi akumveka motsika. Ndipo olankhula onse ndi opulumuka. Amene anafera m'njira alibe mawu, ambiri alibe ndi manda omwe. Mu Epulo 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission linavomera kuti anthu osachepera 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambiri mwa iwo a ku Africa ndi ku Middle East, sanakumbukiridwe ndi mayina awo kapena sanakumbukiridwe n'komwe. Chipilala cha KAR chija timachiona ku Zomba ndi cha asilikali. Wosenza thumba la mpunga analowa m'kaundula ngati nambala basi.

Pokambirana, mnzathu wina woyendetsa njinga yamoto yoperekera zakudya anati, "Aaa, ndiye kuti amtengatenga a lero ndife, eti?" Tinatsutsana kwa kanthawi, ndipo ambiri tinagwirizana kuti kufanizira kumeneku tisakupititse patali. Ife palibe anatigwira usiku ndi chingwe. Tinasaina tokha kontirakiti, ndipo pakutha pa mwezi timatumiza kangachepe kumudzi. Kunena kuti mavuto athu ndi ofanana ndi awo kungakhale kuwachepetsa anthu amene anafa ndi njala atasenza chakudya pamutu. Pofanana pake ndi pamodzi: ntchito yosenza simalembedwa dzina la mwini wake. Zaka 50 zikubwerazi, wina akadzalemba za Amalawi a ku Dubai, adzapeza chiwerengero cha mapasipoti ndi ndalama zotumizidwa, ngati mmene zilili ndi makolo athu a ku Wenela. Za yemwe anachokera mudzi uti, anasiya ndani, anabwerera kapena anatchona, adzazipeza pokhapokha ngati ife tazisunga.

Choncho bukuli tikuti liwerengeni. Lili ndi zofooka zake, koma popanda Page ndi ophunzira ake aja, mawu a nkhalambazi akanapita nawo kumanda, ndipo mawu a akulu amakoma akagonera. Amene Chingerezi chimawavuta asadandaule, tizimasulirana mutu umodzi umodzi monga tinachitira ulendo uno. Kope lathu likuyenda m'manja. Womaliza apereke kwa mnzake, asaligoneke pansi pa matilesi.

Pa nkhumano ikubwerayi aliyense abwere ndi dzina limodzi. Tumizani uthenga wa mawu kumudzi, mufunse agogo, azakhali kapena amalume: kodi m'banja mwathu alipo amene anapita kunkhondo ya Jeremani, ku Burma pa nkhondo yachiwiri, kapena kumigodi? Dzina lake ndani, mfunda wake, mudzi ndi mfumu yake, anapita chaka chiti, anabwerako? Yankholo musalifufute m'foni, ndipo musalimasulire. Tidzalilemba m'kope la gulu m'chilankhulo chomwe alankhulacho. Achemwali athu aja ayamba kale: amayi awo aakulu alonjeza kuti akafunsa kwa eni mbumba.