Luso Lowerenga Maatomu mu Mchere

Kanjere ka mchere mukakayang'anitsitsa, mudzaona kuti n'kamakona ngati kabokosi. M'kati mwakenso ndi momwemo: timabokosi tofanana, tosanjikizana ngati njerwa. Mu 1913, ku England, William Henry Bragg ndi mwana wake Lawrence anaunika mchere ndi X-ray n'kuzindikira mmene maatomu akhalira. Mu 1915 analandira mphoto ya Nobel, Lawrence ali ndi zaka 25 zokha.

Koma ine chimandigwira mtima ndi kawerengedwe kake, chifukwa n'kachilungamo. Mu mchere muli maatomu a mitundu iwiri, chloride ndi sodium, ndipo atomu ya pakona si ya kabokosi kamodzi ayi. Ili ngati mtengo wa m'malire a minda, ndipo timabokosi 8 timagawana. Choncho ma chloride 8 a m'makona amangokwana 1. Ena 6 a pamakoma, theka-theka, amakwana 3. Onse pamodzi 4. Nawo ma sodium 12 a m'mphepete, aliyense kota, ndi 3. Kuphatikiza mmodzi wapakatikati pa kabokosi, amene sagawana ndi wina, 4. Anayi kwa anayi, mmodzi kwa mmodzi: NaCl, mchere wathu wa m'ndiwo.

Aphunzitsi, umbani kabokosika ndi dongo ndi timitengo, ana awerenge okha ndi zala zawo.