Zimene kamera inasiya m'mbuyo mu Game of Thrones

M'mabuku a George R.R. Martin otchedwa A Song of Ice and Fire, pamwamba pa chaputala nthawi zambiri pamangolembedwa dzina la munthu: Eddard, Catelyn, Tyrion, Arya, Daenerys. Ukayamba kuwerenga chaputalacho ndiye kuti walowa mumtima mwa mwini dzinalo. Umaona zimene iye akuona basi, umamva mphekesera zimene zamufika, ndipo akadzinamiza nawenso umanamizika naye limodzi. Umu ndi mmene nkhani yonse yaimira kuyambira buku loyamba la A Game of Thrones la mu 1996 mpaka lachisanu la A Dance with Dragons la mu 2011.

David Benioff ndi D.B. Weiss atatenga nkhaniyi kukaipanga sewero la pa kanema la HBO, lomwe linayenda kuyambira 2011 mpaka 2019 m'masizoni 8 ndi magawo 73, vuto lawo lalikulu linali lomwelo. Kamera imajambula nkhope, zovala, nyumba zachifumu ndi zinjoka zolavula moto, koma zimene munthu akulingalira chamumtima siingazijambule. Kusintha konse kumene anachita ndimakuyeza ndi funso limodzi: atachotsa mawu amumtima aja, anaikapo chiyani m'malo mwake?

Zosintha zina n'zosavuta kuzimvetsa ndipo sindikuona chodandaulira. Ana anawakulitsa msinkhu: m'buku Daenerys akukwatiwa ali ndi zaka 13, Robb ndi Jon ali ndi 14, ndipo palibe kampani ya kanema imene ikanajambula zimenezo momwe zilili. Asha Greyjoy anamutcha Yara kuti owonera asamusokoneze ndi Osha. Tyrion wa m'buku amaduka mbali yaikulu ya mphuno pa nkhondo ya Blackwater, koma Peter Dinklage, wosewera Tyrion pa kanema, anangomuika chipsera patsaya. Mu sizoni yoyamba ndalama zinali zoperewera, moti nkhondo yonse imene Tyrion amamenya nawo m'buku anaidumpha pomukomola ndi nyundo isanayambe n'komwe, n'kudzatsitsimuka zonse zitatha. Martin mwiniwake anagwirapo ntchito yolemba masewero a pa kanema m'zaka za m'ma 1980, monga The Twilight Zone ndi Beauty and the Beast, choncho za ndalama zojambulira amazidziwa bwino. Analembanso gawo limodzi m'sizoni iliyonse mwa zinayi zoyambirira.

Pamene seweroli linaonetsa luso lenileni ndi pamene linapeka zochitika zimene m'buku mulibe. Mfumu Robert ndi mkazi wake Cersei alibe chaputala chawochawo m'buku loyamba, ndiye wowerenga sangawaone ali awiriwiri. Mu gawo lachisanu la sizoni yoyamba, Mark Addy ndi Lena Headey, osewera awiriwa, akukhala patebulo, vinyo ali pakati, n'kumakambirana za ukwati wawo umene unafa kalekale koma ndi womwe wagwirizira ufumu wonse. Akuseka limodzi, kuseka kwa anthu otopetsana. Palibe lupanga lasololedwa, koma ukamachoka pamenepo wawadziwa onse awiri kuposa mmene buku linakudziwitsira. Chimodzimodzinso ku Harrenhal mu sizoni yachiwiri. M'buku Arya amaperekera chikho kwa Roose Bolton. Pa kanema anamuika m'manja mwa Tywin Lannister, mdani wamkulu wa banja lake. Charles Dance, wosewera Tywin, akufunsa mafunso pang'onopang'ono, akuzindikira kuti kamtsikanaka kamalankhula ngati mwana wa kunyumba yachifumu ngakhale kakunamizira umphawi, ndipo Maisie Williams, wosewera Arya, akuyankha mawu aliwonse atayamba wawayeza. Mantha amene m'buku tikanawawerenga mumtima mwa Arya, pano tikuwaona m'manja mwake akuthira vinyo. Kusintha kotereku ndiye ntchito imene wopanga kanema amalipidwira.

Ngakhale nkhani ya ku Hardhome, imene m'buku timangoimva kudzera m'kalata yaifupi yochokera kwa Cotter Pyke, pa kanema inakhala chimodzi mwa zinthu zoopsa kwambiri m'sewero lonse. Apo kamera inachita zimene pepala silingathe.

Tsono tiyeni tione Tyrion usiku umene akuthawa m'ndende, kumapeto kwa sizoni yachinayi. Kwa ine apa ndi pamene njira ziwirizi zinapatukana kotheratu.

Tyrion ali mnyamata anakwatira mwachinsinsi mtsikana wosauka dzina lake Tysha. Bambo ake, Tywin, atamva, analamula Jaime kuti auze mng'ono wakeyo kuti mtsikanayo anali hule lochita kulipidwa, kenako anamupereka kwa asilikali kuti amugwirire Tyrion akuona. Seweroli linaifotokoza nkhaniyi mu sizoni yoyamba, Tyrion akuuza Shae ndi Bronn m'tenti. Koma m'buku lachitatu la A Storm of Swords muli chinanso. Jaime akumutsegulira Tyrion chitseko cha ndende, akuulula kuti linali bodza: Tysha sanali hule, anali mwana wa mlimi ndipo ankamukondadi. Pomwepo chilichonse chimene Tyrion ankakhulupirira pa moyo wake chikugumuka. Munthu amene anakula akudziwa kuti palibe mkazi angamukonde popanda ndalama, akuzindikira kuti analipo mmodzi, ndipo iye mwini anatenga nawo mbali pomuzunza. Akumumenya Jaime, akumunamiza mwadala kuti ndi iye anapha Joffrey, n'kukwera makwerero kukasaka bambo ake. Akumupeza Shae pabedi la Tywin n'kumupotokola ndi unyolo wa golide. Akawapeza bambo ake ali m'chimbudzi, uta uli m'manja, funso lake ndi la komwe Tysha anapita.

Pa kanema Jaime saulula kanthu. Abale awiriwa akukumbatirana n'kutsanzikana mwachikondi. Shae ndiye akuyamba kutola mpeni, kotero kuti kumupha kukuoneka ngati kudziteteza. Imfa ziwiri zija zilipo, chimbudzi chilipo, uta ulipo, koma chimene chinamukankha munthuyu kuti akwere makwerero aja m'malo mothawa achichotsa. Mwina opanga seweroli anaganiza kuti owonera anaiwala kale dzina limene analimva zaka zitatu zapitazo, ndipo mwina sanalakwe. Koma mtengo wake unali waukulu. Tyrion wa m'buku lachisanu ndi chidakwa chowawidwa mtima, cholakalaka imfa yake ndi ya abale ake, munthu woti ukamuwerenga umachita naye mantha. Tyrion wa pa kanema anatsala munthu wabwino wanthabwala, ndipo kuyambira sizoni yachisanu ndi chimodzi olemba anasowa chomuchititsa kupatula kupereka malangizo olephera. Anamukonda mopitirira mpaka kumulanda mano.

Matenda omwewa akuonekanso pa nkhani ya kubwezera. Martin amalemba za kulipsira ngati chinthu chimene chimaoletsa wochichitayo. Catelyn Stark, ataphedwa pa ukwati wamagazi uja kwa a Frey, m'buku sathera pomwepo. Mtembo wake ukuvuulidwa mumtsinje patapita masiku atatu, Beric Dondarrion akupereka moyo wake kuti iye adzuke, ndipo chimene chikudzukacho, Lady Stoneheart, si mayi uja tinkamudziwa. Khosi n'lodulidwa, mawu satuluka bwino, ndipo ntchito yake ndi kupachika anthu. Poyamba wowerenga amakondwa poona a Frey akulendewera m'mitengo. Kenako chingwe chomwecho chikufika pakhosi pa Brienne ndi kamnyamata Podrick, anthu osalakwa, ndipo chimwemwe chija chimasanduka manyazi. Seweroli linamuchotseratu mayiyu. Kubwezera a Frey linakupereka kwa Arya, amene akudula khosi la Walder Frey kenako n'kupha amuna a banja lonselo ndi vinyo wapoizoni, akutuluka m'holo monyadira, nafe owonera tikuwomba m'manja. Sansa naye akupereka Ramsay kwa agalu ake omwe n'kuchoka akumwetulira.

Ku Dorne ndiye anachita kutembenuza munthu dodolido. Ellaria Sand wa m'buku, amene anaona ndi maso ake mutu wa wokondedwa wake Oberyn ukuphwanyidwa, ndi yemwe akuchonderera ana a Oberyn kuti aleke kubwezera. Chigaza cha Gregor Clegane chili patsogolo pawo, iye akuwerenga imfa zimene zachitika kale, akutchula ana ake aakazi ang'onoang'ono, akufunsa ngati nawonso adzafere mlandu womwewu. Ellaria wa pa kanema akupha Myrcella, mwana wosalakwa, pomupsompsona ndi milomo yapoizoni, kenako akubaya Doran Martell. Dzina ndi lomwelo, koma mawu okhawo oletsa magazi m'dera lonselo anawasandutsa mpeni. Arianne Martell, mwana wa Doran amene nkhani ya Dorne imazungulira pa iye, sanaonekeko n'komwe.

Pali amene amati seweroli linagwa chifukwa mabuku anatha, poti The Winds of Winter mpaka lero silinatuluke. Zoona zilimo, ndipo Martin sangathawe gawo lake la mlandu. Mabuku ake achinayi ndi achisanu anamwazika kwambiri, ampangankhani atsopano akungobadwa, moti aliyense wofuna kuwajambula anayenera kudulira ndithu. Sindikulira Young Griff kapena ulendo wautali wa Quentyn Martell. Koma Tysha, Lady Stoneheart ndi Ellaria anali kale papepala pamene ankawasintha. Chizolowezi chosunga chochitika n'kutaya chifukwa chake chinayamba mabuku akadalipo.

Chizolowezi chimenechi ndi chomwe chinadzawapweteka pa Daenerys. Kuti iye angadzawotche mzinda si nkhani yodabwitsa kwa amene anawerenga chaputala chake chomaliza mu A Dance with Dragons, mmene ali yekhayekha m'chipululu cha udzu, akudwala, akukangana ndi mtima wake ngati iye ndi mayi wodzala mitengo kapena mwana wa zinjoka zamoto. M'buku tikanayenda naye phazi ndi phazi mpaka pamoto. Pa kanema, sizoni yachisanu ndi chiwiri inali ndi magawo 7, yomaliza 6 okha, ndipo akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. M'magawo owerengeka Jorah wafa, chinjoka chake Rhaegal chafa, Missandei wadulidwa mutu, Jon wasanduka wopikisana naye pa mpando. Mabelu a King's Landing akulira kusonyeza kuti mzinda wagonja, kamera ikuima pankhope ya Emilia Clarke, wosewera Daenerys, kwa kanthawi, iye akuyesetsa ndi nkhope yokhayo kunena zimene olemba sanamulembere, kenako chinjoka chikunyamuka. Kuyambira pamenepo kamera ikutsikira m'misewu, kwa Arya ndi anthu othawa moto, ndipo nkhope ya Daenerys sitikuionanso bwinobwino mpaka gawolo kutha. Kujambula kwa Miguel Sapochnik, wotsogolera gawoli, n'kogwira mtima, fumbi ndi phulusa zikuchita kukutsamwitsa uli pampando. Koma pa mphindi imene tinkafunitsitsa kukhala pafupi ndi mtima wa mkazi amene tamutsatira zaka zisanu ndi zitatu, anatitsekera kunja.

Masizoni anayi oyambirira ndi ena mwa ntchito zapamwamba kwambiri zosandutsa buku kukhala kanema, ndipo malo ena amaposa bukulo. Otsatirawo ndi okongola m'maso koma opepuka. Ngati munangoonera seweroli, pezani A Storm of Swords muwerenge chaputala chomaliza cha Tyrion, kenako mubwerere ku gawo lomaliza la sizoni yachinayi mukadzionere nokha chimene chinachotsedwa.